Mkono umene unatsala mu nyuzipepala

Bambo a mwana wanga analibe chithunzi. Sikuti chinatayika ayi, sanajambulitsepo. Anabadwira kukomboni ya pafamu ngati ine, makolo athu onse ochokera ku Malawi, ndipo nkhani yotenga chitupa inali ya mawamawa mpaka anamera ndevu. Atayamba kukumba golide ku Gadzema, kamera ankaiopa kuposa njoka. Makorokoza, anthu okumba golide mozemba boma, ambiri ndi otero. Amati nkhope ikalowa mufoni lero, mawa ili m'manja mwa apolisi. Ngakhale tsiku limene tinalowana, mng'ono wanga atakweza foni yake, iwo anatsitsa chipewa n'kuphimba maso, anthu n'kufa nazo nseko.

Tinkachita lendi chipinda chimodzi ku Pfupajena. Iwo ankagonera kumgodi n'kumabwera kumapeto kwa sabata, thupi lonse lofiira ndi dothi. Tsiku lina mwala utawayendera bwino anabwera ndi tabuleti. Anaigula kwa munthu ku Kadoma, yogwirapo kale ntchito, pakona pali mng'alu umene unapha kamera yake. Ndikuganiza kuti anaikonderanso chimenecho. Anati ndi ya mwana, adzazionerapo zidole akakula. Mwanayo nthawi imeneyo anali akuyamwa.

Mwini tabuletiyo woyamba anasiyamo apu ya nyuzipepala. Ine sukulu sindinapite nayo patali. Chichewa ndinaphunzira kuwerenga m'buku la nyimbo za kutchalitchi, koma Chizungu ndimachita kutola liwu limodzilimodzi ngati munthu wosankha miyala mu nyemba. Nyuzipepala zimene amayala pansi m'tauni ya Chegutu, n'kutsindira ndi mwala kuti zisauluke, ndinkangozilambalala. Kuima pamenepo milomo ikugwedera, anthu akundiona, sindikanatha. Koma tabuleti sinkandiseka. Ndikaika zala ziwiri n'kuzitambasula, zilembo zinkakula ngati za pabolodi. Ndikachapa matewera, mwana n'kugona, ndinkakhala pansi chitseko chili chotseka n'kuwerenga mokweza, kubwereza mzere womwewo mpaka utandimvera. Data ikakhala yochepa zithunzi zinkabwera pang'onopang'ono, kuyambira kumwamba kutsika pansi, ngati munthu akuvundukula nsalu.

Mmawa wina m'nyengo ya mvula ndinatsegula nkhani ya madzi amene anadzaza m'migodi ing'onoing'ono. Chithunzi chinayamba kutsika. Poyamba mitengo, kenako chipewa chimene ndinkachidziwa, kenako mphumi, kenako mano aja okhala ndi mpata pakati. Anali iwo. Anaima pakamwa pa mgodi akupukusa chitsulo chokokera ndowa, chipewa chitakankhidwira kumbuyo, akuseka ndi munthu wina amene sanaoneke. Padzanja anamangapo kansalu kong'amba ku chitenje changa chakale, kamene ankapukutira thukuta. Ndinakhala pomwepo mpaka phala la mwana linapserera.

Atabwera Loweruka ndinadikira asambe kaye.

"Bambo a mwana, bwerani mudzaone munthu wotchuka."

"Ndani, wampira?"

"Wampira wamajombo."

Anatenga tabuleti, kuyang'ana, kuitalikitsa, kuiyandikitsanso.

"Aa! Ndani ameneyu wamakutu ngati zivundikiro za poto?"

"Makutuwo ndimagona nawo pafupi, ndikuwadziwa."

"Mayi uja! Anabwera ndi kamera, ife tinkati akujambula madzi. Fufutani msanga, mundimangitsa."

"Nyuzipepala safufuta. Si bolodi la kusukulu."

Anang'ung'udza mpaka sadza, nsima ya kuno, itapsa. Koma pamene ndinkatsuka mbale pakhomo ndinawaona pagalasi la zenera akukulitsa nkhope yawo ndi zala ziwiri, monga ndinawaonetsera.

"Amake mwana, koma ndine wooneka bwino, eti?"

"Mano okhawo."

"Mano omwewo ndi amene munagwa nawo."

Bambo anga, pamene tinali kufamu, ankatola nyuzipepala zakale kunyumba kwa bwana. Zina ankamata pakhoma, zina ankapinda n'kuika pansi pa mphasa. Ukaitulutsa patapita chaka, munthu amene anali patsamba lija unkamupeza ali pomwepo, wangosanduka wachikasu. Ine nzeru yanga yosungira nyuzipepala inali imeneyo. Choncho ndinasiya tsamba lija lotsegula ndipo sindinabwererenso kumbuyo. Nkhani zatsopano ndinaleka kuwerenga kuopa kuwasuntha bambo a mwana. Magetsi akazima ndinkathamangira kwa mayi woyandikana nafe amene anali ndi sola, kuti tabuleti isazime. Ndikaiyatsa, iwo anali pomwepo akuseka, ine n'kumuonetsa mwana kuti uyu ndi baba.

Mvula yomweyo imene inawalowetsa mu nyuzipepala ndi imene inafewetsa dothi. Sipanapite nthawi yaitali. Anzawo awiri anafika pakhomo dzuwa lili pamutu, zipewa zili m'manja, ndipo ndisanamve liwu ndinali nditadziwa kale. Mgodi unagumuka iwo ali pansi. Foni yawo ndi chipewa chija zinatsalira momwemo. Pamaliro, nthawi yoona nkhope itakwana, akuluakulu anakana kutsegula bokosi. Anati tiwakumbukire mmene tinkawadziwira.

Kwao kwa amuna anga ali ndi mwambo. Munthu akamwalira, katundu wake yense amamangidwa pamodzi, ndipo palibe womugwira kufikira amalume a malemu atabwera kudzawaza madzi, kupemphera, ndi kugawa. Titachoka kumanda, apongozi anga ndi azilamu anga aakazi analowa m'chipinda chathu n'kuyala bulangete pansi. Anaikapo malaya, mathalauza, lamba, kapu imene ankamwera tiyi. Ine ndinali pakona, pansi, nditafunda nsalu kumutu monga amakhalira wamasiye. Mmodzi ananyamula tabuleti pawindo.

"Nanga ichi, amayi?"

"Anagula ndi iyeyo," anatero apongozi. "Ikani momwemo."

Poinyamula chala chake chinakhudza batani ndipo inayaka pang'ono. Kuchokera pamene ndinakhala ndinaona chipewa ndi mano, kenako mdima. Ndinafuna kuyankhula koma nyumba inali yodzaza akuluakulu, ndipo ine chibadwire pagulu sindiyankhula. Komanso mtima unandiuza kuti palibe choopa. Ndinati aikidwa pansi pa mphasa. M'mtolo muja palibe amene angawasunthe.

Mtolo unapita kwa apongozi ku Kadoma. Amalume ankagwira ntchito pafamu ina cha ku Battlefields ndipo sakanachoka fodya asanathe kukolola. Tinadikira mpaka mvula inatha, udzu n'kuyamba kuuma. Nthawi yonseyo ndikatseka maso nkhope yawo inkabwera, koma tsiku lililonse inkabwera yoperewera. Lero palibe mphuno, mawa sindikudziwa ngati chipsera chija chinali pa nsidze yakumanja kapena yakumanzere. Ndinkadzitonthoza kuti ali mumtolo, ndikawaona.

Tsiku logawa tinakhala pabwalo, amuna pamipando, ife pamphasa. Amalume anawaza madzi, kupemphera, n'kumasula mtolo. Malaya kwa uyu, lamba kwa uyo. Kapu anapatsa mwana wanga. Tabuleti anaipereka kwa alamu anga, akulu awo a malemu, amene anaiika pansi pa mkhwapa ngati buku.

Sindikudziwa kumene mphamvu inachokera. Ndinakwawa ndi mawondo mpaka pafupi ndi mpando wawo n'kuomba m'manja.

"Alamu, ndimati ndipemphe."

"Ee! Mlamu wayankhula lero? Ine ndimayesa mng'ono wanga anakwatira wopanda lilime."

Anthu anaseka pang'ono, kuseka kwa pamaliro.

"Muli nkhope ya mng'ono wanu mmenemo."

Kuseka kunatha. Apongozi anatembenuka thupi lonse.

"Nkhope? Ya mwana wanga? Amake mwana, miyezi yonseyi osanena?"

"Ali mu nyuzipepala, amayi. Akuseka."

Tabuleti inali itazimiratu. Alamu anailowetsa m'nyumba kukatchaja, ndipo anthu onse anatsatira, ngakhale amalume ndi ndodo yawo. Apongozi anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje kuti aone bwino, n'kukhala pafupi nane, mwana ali pamiyendo pawo. Itayaka, alamu anaipatsa data kuchokera mufoni yawo, ine n'kudina pa apu ija. Pakati panabwera kamkombero n'kuyamba kuzungulira. Kanazungulira, kanazungulira. Kenako panatuluka anyamata a mpira atakumbatirana. Pansi pawo nkhani ya mtengo wa shuga.

Ndinakankhira m'mwamba, ndinakankhira pansi. Ndinabwerera kumbuyo, apu n'kutsekeka. Ndinaitsegulanso, a mpira omwe aja.

"Ali pati?" anafunsa apongozi.

Ndinapitiriza kukankha ndi chala. Anafunsanso kamodzi, motsitsa, kenako ananyamuka kupita kuseri kwa nyumba. Kulira kumene ndinamva kumeneko kunaposa kwa kumanda. Alamu sanachitenso nthabwala. Anakulunga chingwe chotchajira n'kundiikira zonse m'manja.

"Tengani, mlamu. Mukamupeza mutiuze."

Ku Pfupajena ndinafufuza masiku ambiri. Ndinkakankha nkhani ndi chala kutsika pansi, za dzulo, za dzana, za sabata yatha, mpaka pamene zimathera, ndipo zinkathera kutali kwambiri ndi nyengo ya mvula. Ndi pamene ndinazindikira kuti nyuzipepala ya mu tabuleti si ya pansi pa mphasa. Ili ngati madzi a mumfuleni, amene waona mmawa si amene uwapeze madzulo.

Tsiku lina ndinabereka mwana n'kukwera kombi kupita ku Kadoma. Pafupi ndi pokwerera makombi pali timashopu tokonza mafoni. Ndinadutsa kawiri osalowa. M'kashopu kena munali mayi wovala mpango wachisilamu, ndipo atandimva ndikutonthoza mwana m'Chichewa anadzutsa mutu.

"Achemwali, mwazungulira mokwanira. Lowani, sitiluma."

Ndinamufotokozera zonse maso ali pansi. Sanandidule mawu. Nditamaliza anati, "Mukanangokanikiza mabatani awiri awa pamodzi, bwenzi chithunzi..." Anayang'ana nsalu yanga yakuda ndipo sanamalize.

Anandionetsa kachizindikiro kagalasi pakona ya apu, kamene ndinkakaona tsiku ndi tsiku osadziwa ntchito yake. Anati ukalemba mawu pamenepo, nkhani zakale zimabwera. Anandifunsa mutu wa nkhani. Mutu wonse sindinaukumbukire, koma mawu a Chizungu onena mvula ndi migodi ndinali nditawabwereza kambirimbiri, choncho ndinawatchula mmene ndimawatchulira. Analemba, kufufuta, kulembanso mwina. Makasitomala awiri anafika, iye n'kuwauza m'Chishona kuti abwerenso. Kenako anatembenuzira tabuleti kwa ine.

"Si iyi?"

Inali yomweyo. Mzere woyamba ndinaudziwa ngati nyimbo. Chithunzi chinayamba kutsika kuchokera kumwamba monga kale, ine nditagwira thebulo. Koma sichinayambire pa mitengo. Chinayambira paphewa. Mayi wa mpango uja anati mwina nkhani zikakalamba amangosunga kachithunzi kodula. Panali kamwa la mgodi, chingwe, ndowa, ndi mkono umodzi utagwira chitsulo. Padzanja pali kansalu ka chitenje changa.

Anayesa njira zina, mufoni yake ndi pakompyuta, koma konse kunkabwera mkono womwewo. Analembera uthenga anthu a nyuzipepalayo kupempha chithunzi chonse. Mpaka lero yankho silinabwere. Ndisanatuluke anagwira zala zanga n'kuziika pa mabatani awiri aja, tinakanikiza limodzi, tabuleti n'kuphethira, chithunzi n'kusungika.

"Mkono uwu wokha sudzachokanso," anatero.

Ndinapita nawo kwa apongozi tsiku lomwelo. Anauyang'ana nthawi yaitali, n'kuloza pachigongono pamene panali kachipsera.

"Apa anapsa ndi mbaula ali wokwawa," anatero. Anasisita galasi ndi chala chachikulu. Sanafunse za nkhope.

Nyuzipepala ndinayambanso kuwerenga, koma nkhani za migodi ndimazidumpha. Mwana pano akuyankhula. Ndikamuyankhula Chichewa amayankha Chishona, ngati anzake a mumsewu mwathu. Akafunsa za baba wake ndimamutsegulira chithunzi chija. Waphunzira kale kukulitsa ndi zala ziwiri. Amakulitsa dzanja, kansalu, chigongono, mpaka phewa. Akafika paphewa amakokera chithunzi pansi kuti aone zimene zili pamwamba pake. Chimatsika pang'ono, pamwamba n'kuoneka mdima, akachotsa chala chimabwerera pamalo pake. Amakokanso. Ine ndimakhala kumbuyo kwake ndi kumusiya akoke.