Dzanja Limene a Njereza Anaphwanya

Anthu ankawatchula kuti a Njereza chifukwa kwa zaka makumi anayi manja awo ankangokhala ali mbuu ndi njereza. Ntchito yawo inali kusamala nyumba ina yakalekale ya kumunda, yosanja, ya khonde lozungulira lokhala pa zipilala khumi ndi ziwiri. Lamulo linkaiteteza, moti ngakhale kukhoma msomali pankafunika kalata. Koma chimene anthu ankaopa si lamulo ayi, linali dzanja la mkuluyu. Mlendo wina atakanda dzina lake pakhoma ndi kiyi, anabwerera kwawo mano awiri ali m'thumba.

A Njereza ankati khoma lakale limapuma. Ukalimata simenti, chinyezi chimatsekeredwa mkati, njerwa n'kufumbutuka. Choncho ankasakaniza okha njereza yovundika miyezi itatu ndi mchenga wosefa, ndipo muyeso wake anauza munthu mmodzi yekha, mwana wawo, bambo wa ana awiri amene ankagwira naye ntchito.

Chaka china a Njereza anagonekedwa m'chipatala. Chipilala cha pakona chinang'aluka mvula ili pafupi, njereza isanavunde. Mwanayo anamata simenti.

Atatuluka m'chipatala, mkuluyo anangopapasa chipilalacho n'kudziwa.

"Ichi n'chiyani?"

"Bambo, ndimaopa kuti khonde ligwa. Ndichotsa mvula ikatha."

"Ika dzanja pamene wamatapo."

Mwanayo anaika, akuyesa kuti amuonetsa chinyezi. Nyundo ya mkuluyo inatsika kawiri. Zala zinathyoka ngati nkhuni zouma, magazi n'kuyenderera pachipilala choyera mpaka pansi. Mkazi wa mwanayo atathamangira akukuwa, mkuluyo anamukankha, mayiyo n'kugubuduzika pamasitepe. Zimenezo zinali nkhanza basi, ngakhale khomalo likhale lokalamba chotani.

Mwanayo sanasume. Anangosamuka ndi banja lake, dzanja linauma lopindika, ndipo sanagwirenso njerwa.

Lero a Njereza manja amanjenjemera, ndowa yomwe sangainyamule. Zipilala zitatu zang'aluka. Eni nyumbayo anasakasaka wodziwa muyeso uja mpaka anafika kwa mwanayo.

"Muyeso ndikuudziwa," anawayankha, "koma dzanja linatsala kwa bambo. Kawafunseni."

Sabata yatha lole inatsitsa matumba makumi atatu a simenti pakhonde pomwepo. A Njereza anali pampando, nyundo ili pamiyendo, koma analephera kuikweza.