Phewa la Mthokozisi

M'bandakucha mwana wanga Mthokozisi amavala malaya ndi dzanja lamanzere lokha, n'kukakwera basi ya kuntchito ku Rotherham. Kale ndiye anali woponya mpira wachimereka kusekondale, kuyunivesite ku Sheffield, kenaka m'timu ina ya ku Germany yomwe inkamulipira. Phewa litayamba kuwawa, makochi ankangolibaya jakisoni kuti aziponyabe. Litatheratu, anamuchotsa pongomutumizira meseji pafoni.

Anthu amenewo amandinyansa, koma ndikakumbukira zanga ndimanyansidwa koposa. Masewero ake ankachitika Lamulungu, ine ndili kutchalitchi, bambo ake atamwalira kale. Ali kuyunivesite anandipempha kuti, "Amayi, Lamulungu limodzi lokha, mubwere mudzandione ndikusewera." Ine ndinangopitiriza kusita yunifomu yanga ya Mvano.