Ekizozi Yobooka

Njinga yamoto ija ndinaigula yotha kale, m'zaka zoyambirira za matipate, pamene ofesi ina paboma pa Mwanza inkagulitsa njinga zakale za alangizi. Inali yaing'ono, yotalika miyendo, ya matayala a manomano. Injini yake inali ya mtundu uja timati thusitiroko, yomwe imamwa petulo ndi oyilo pamodzi n'kumasiya utsi wabuluu m'mbuyo. Ndinkagwira ntchito pamalire, kulembera madalaivala a mathiraki mapepala a katundu, ndipo mkati mwa sabata ndinkagona m'kachipinda ka lendi komweko. Loweruka lililonse ndinkapita kumudzi kwa mkazi wanga, kumapiri a kwa Kanduku, komwe ndinali mkamwini.

Ekizozi yake inali yobooka pakhosi, pomwe paipi imapindika potuluka mu injini. Ndinaphimbapo ndi kachidutswa ka chitini cha mafuta ophikira n'kumanga ndi waya. Kachitiniko sikanagwire bwino, moti ndikachepetsa moto potsetsereka njinga inkaimba kalikhweru kopyapyala pamwamba pa kulira kwake. Mkazi wanga ankati njingayo inali ndi ulemu kuposa mwini wake, chifukwa inkayamba kupereka moni ikadali kutsidya kwa mtsinje. Mwana wathu, mtsikana mmodzi yekhayo amene tinali naye, ndiye ankayamba kuumva moniwo. Ankasiya chilichonse, ngakhale chimanga chootcha, n'kuthamangira pamtengo wa mbawa wa pamphambano. Pamenepo ndinkamukweza pathanki, n'kulowa m'mudzi pang'onopang'ono iye atagwira mahandulo ngati ndiye woyendetsa.

Chaka chimene mwanayo anakwanitsa zaka zisanu, mayi ake anadwala chifuwa chosamva mankhwala. M'mawa wina, m'nyengo ya manachesi, tinaona kuti kungokhala nawo m'nyumba sikuthandiza. Mlamu wanga, mng'ono wake wa mkazi wangayo, anamuthandiza kutuluka panja. Ine ndili mkati momenya kiki, ndinamuona mkazi wanga akuwerama n'kunena kanthu kwa mwana, koma injini inali italira kale ndipo sindinamve. Anamukhazika kumbuyo kwanga, n'kutimanga tonse awiri ndi chitenje m'chiuno kuti asagwe. Kuchipatala chaching'ono cha ku Thambani anatitumiza kuchipatala cha paboma. Ndinathamangitsa kanjingako kuposa mphamvu zake, ndipo titatsala pang'ono kufika injini inayamba kukhosomola nayonso. Inatifikitsa pageti n'kuzimira pomwepo.

Anakhala m'chipatala masiku asanu ndi anayi. Thupi tinabwerera nalo papikapu, njinga ndinaisiya paboma.

Pamaliro anthu ankandiyamikira kuti ndine wolimba mtima. Sikunali kulimba. Sindinkamva kanthu, basi. Ndinkaona azimayi akudzigwetsa pansi, ine n'kumaganiza kuti kaya ndi pisitoni yagwira kapena maringi athyoka. Ndinkadziwa kuti si zoganiza munthu pamaliro a mkazi wake, koma zina zoti ndiganize sizinkabwera. Mwana sanali pamenepo. Kwathu ana aang'ono saonetsedwa maliro, ndiye anamutengera kwa achibale kutsidya mpaka zonse zitatha.

Patapita masabata angapo anandiitana kukandisudzula. Ndinapita pamatola. Amalume ake a malemu analankhula bwino ndithu, kuti ndinamusamalira mwana wawo mpaka mapeto, kuti tsopano ndine womasuka kubwerera kwathu kapena kukwatira kwina. Anati mwanayo atsala ndi amayi ake aang'ono, mlamu wanga uja, monga mwa mwambo, koma khomo ndi lotsekula. Ndinawomba m'manja. Ndinatenga sutikesi, wailesi ndi bokosi la masipanala. Mwana anandiperekeza mpaka pambawa paja, n'kundifunsa kuti njinga ili kuti.

"Yadwala," ndinatero. "Ikachira ndibwera nayo."

Anagwedeza mutu, ndipo ndinaganiza kuti ndayankha bwino.

Kunena zoona, ntchito imene njingayo inkafuna inali ya masiku awiri. Nditatsekula injini ndinapeza pisitoni itakalika mbali imodzi ndi ringi imodzi yothyoka. Ndinatuma dalaivala wina kuti andigulire zatsopano ku Limbe, ndinaziika, njinga inalira. Loweruka limenelo ndikanatha kupita. Koma nditayang'ana mkati mwa silinda ndinaona mwaye utaunjikana pakhomo potulukira utsi, ndipo ndinati sindingayende ndi injini yauve chonchi. Ndinaupala ndi mpeni wakale. Nditatha kupala ndinaona kuti chitsulo chake n'chokhakhala, ndiye ndinakulunga sandipepala pakamtengo n'kuyamba kusalaza. Ndinasalaza masana onse a Loweruka ndi Lamulungu nditaweruka kutchalitchi, mpaka chala chinkatsetsereka ngati pambale ya dongo yonyowa.

Kenako inali kabyuleta. Mkati mwake muli kasingano kamene kamalamula kuchuluka kwa petulo, ndipo kali ndi timizere tisanu poika kachitsulo kokagwira. Ndinkasuntha mzere umodzi, n'kuthamanga nayo njinga pachitunda cha kumalire, kuzimitsa pamwamba, kumasula pulagi n'kuiyang'ana. Ikayera ndiye kuti injini ili ndi njala, ikada ndiye kuti yakhuta mopitirira. Yofunika ndi yofiirira ngati mtedza wokazinga bwino. Mtundu umenewo ndinaupeza tsiku lachitatu, koma ndinapitiriza kusuntha kwa masabata awiri kuti nditsimikize. Osintha ndalama a pamalire anafika pondizolowera. Ankandikuwiza kuti kodi ndikuphunzira kuuluka.

Pampu ya oyilo ndinaichotsa, chifukwa ndinkaikayikira kuti ndiyo inapha pisitoni. Ndinayamba kusakaniza ndekha oyilo m'petulo. Choyezera chinali kabotolo ka mankhwala a chifuwa komwe ndinakapeza m'thumba la malemu, chifukwa kanali ndi timizere m'mbali. Ndinakatsuka ndi palafini. Ndimakumbukira kuti ndinakayang'ana nthawi yaitali ndithu, ndikudikira kuti mwina misozi ibwera. Sinabwere, ndipo kabotoloko kanagwira ntchito bwino.

Uthenga woyamba wochokera kwa mlamu wanga unabwera ndi woyendetsa pikapu ya ku Thambani. Unali wakuti mwana akufunsa. Ndinatumiza sopo, shuga ndi kadiresi, n'kuuza mwini pikapuyo akanene kuti njinga yatsala pang'ono. Wachiwiri unabwera patatha mwezi, ndipo ndinayankha chimodzimodzi. Matola analipo tsiku lililonse. Miyendo ndinali nayo. Koma ndinali nditanena kuti ndibwera njinga ikachira, ndipo malinga inali isanachire sindinali wabodza. Masiku ano ndimadziwa kuti ndinkaopa pakhomo paja, ndinkaopa kufika n'kupeza chitenje cha malemu chili pachingwe, chitavalidwa kale ndi wina. Nthawi imeneyo sindinkadziwa kuti ndikuopa. Ndinkangoona kuti tcheni chakhwepa.

Ndinasintha tcheni. Ndinaika sipuroketi yaikulu kumbuyo kuti izikwera mapiri osafuna giya wani. Ndinadula siponji ya matiresi n'kupanga sefa ya mpweya. Timapondero ta wokwera kumbuyo ndinatimasula kuti njinga ipepuke, poti panalibenso womunyamula. Thanki ndinaipala n'kuipaka utoto wakuda.

Chomaliza chinali ekizozi. Panali mkulu wina wowotcherera pafupi ndi msika, wobadwira ku Zobue kutsidya kwa malire, yemwe ankadziwa kupanga mapaipi a mimba yotupa amene amapatsa injini zoterezi mphamvu. Anaiyang'ana yanga yakale ija, n'kukoka kawaya kaja ndi chala.

"Amigo, mwayenda ndi chigamba ichi zaka zingati?"

"Zinayi."

"Ndiye theka la petulo wanu linkangothera kuimba nyimbo. Siyani pano, mubwere Lachisanu."

Lachisanu ndinapeza paipi yatsopano, yowotcherera bwino, yopanda potuluka mpweya ngakhale pang'ono. Yakale ija anali ataidula kale zidutswa n'kukonzera wilibala ya munthu wina. Nditaliza injini, kulira kwake kunali kwina, kwakuthwa, kofanana kuyambira pansi mpaka pamwamba. Ndinachepetsa moto ndipo panalibe likhweru. Mkulu uja anandimenya paphewa n'kunena kuti tsopano yasanduka njinga. Ndinaizungulira kufunafuna china choti ndikonze, koma sindinachipeze. Inali miyezi inayi chichokereni kumudzi, mitengo itayamba kale kuphuka kudikira mvula.

Loweruka ndinanyamuka m'mawa. Njinga inayenda bwino, sindinganame. Chitunda chomwe kale ndinkakwera ndikuthandizira ndi mapazi ndinachikwera pagiya wachitatu. Ndinatsetsereka kumtsinje, ndinawoloka, ndinafika pambawa. Panalibe munthu. Ndinaima pang'ono injini ikulira, kenako ndinalowa m'mudzi ndekha.

Mwana anali pakhonde akusenda mtedza ndi mlamu wanga. Anali atatalika, tsitsi atamumeta. Anadzuka, n'kubwera kudzagwada patsogolo panga monga amachitira ana kwa mlendo.

"Muli bwanji ababa?"

Ndinayankha, ndinamugwira pamutu. Iye maso anali panjinga.

"Iyi ndi ya ndani?"

"Ndi yathu yomwe ija. Yachira."

"Ayi," anatero. "Ija silira choncho."

Anabwerera pakhonde. Mlamu wanga anamutuma kukatunga madzi akumwa m'nyumba, ndipo atangolowa ananditembenukira. Kale ankakonda kundiseka, monga amachitira alamu, koma tsiku limeneli sanaseke.

"Alamu, Zengerezu adalinda kwawukwawu. Miyezi inayi! Mwana uyu Loweruka lililonse amakhala pambawa paja kuyambira m'mawa, chakudya timachita kumupititsira komweko. Lero wamva njinga yanuyi ili kutsidya, anatchera khutu, n'kunena kuti si imeneyo. N'chifukwa chake mwamupeza pano."

"Ndinatumiza uthenga."

"Si inu nokha amene mwanayu amadikira." Anatsitsa mawu. "Tsiku lija munkapita kuchipatala, achemwali anamuuza kuti asalire, akadzamva njinga ya ababa ikuimba likhweru adziwe kuti amayi abwera. Ife tamuuza kuti amayi anapita, agogo ake amuuza, abusa amuuza. Amangoti inde. Koma bokosi sanalione, ndipo njinga ija sinabwererenso chichokereni. Ndiye mwa iye yekha akuti nkhani sinathe."

Ndinayang'ana paipi yatsopano ija. Inali ikulira tiki, tiki, pozizira.

Mwana anatuluka ndi kapu ya madzi atagwira ndi manja awiri, anagwadanso, ndinamwa. Sanachoke. Anafunsa kuti likhweru lapita kuti.

Chimene ndinachita ndimachita nacho manyazi mpaka lero. Ndinanjuta pambali pa njinga n'kuyamba kumufotokozera mwana wa zaka zisanu kuti ekizozi yakale inali yobooka, kuti likhweru lija linali mpweya wothawa, kuti mpweya ukamathawa injini imafooka ndipo petulo amawonongeka. Ndinamuonetsa pomwe panali chigamba. Ndinamuuza za kasingano ka m'kabyuleta ndi za mtundu wa pulagi. Ndinalankhula nthawi yaitali, mawu anga ali bwinobwino, ngati ndikufotokozera dalaivala za mapepala a katundu. Mlamu wanga analowa m'nyumba. Mwana anamvetsera zonse, chifukwa anali mwana waulemu. Nditamaliza anayenda kupita kumbuyo kwa njinga, n'kuloza timabowo tiwiri pomwe panali timapondero tija.

"Nanga amayi adzaponda pati?"

Ndinatsekula pakamwa kuti ndinenenso za njinga, koma za njinga zinali zitatha. Ndinakhala pansi pafumbi, ndinamukhazika pamiyendo, ndipo ndinamuuza. Ndinamuuza kuti ndinali pomwepo, ndinawagwira dzanja, anasiya kupuma ine ndikuona, ndipo tinawaika m'manda a kuseri kwa phiri. Ndinamuuza kuti palibe njinga imene idzabwere nawo, ya likhweru kapena yopanda likhweru. Aka kanali koyamba kuti mawu amenewa atuluke pakamwa panga. Amene analira ndine. Iye anangondiyang'ana, kenako anatola kapu ija pansi, anaipukuta fumbi ndi diresi n'kukaibweza m'nyumba.

Kuyambira pamenepo ndinkapita Loweruka lililonse, mvula kaya dzuwa, mpaka anakula n'kupita kusekondale. Timapondero ndinatibwezera sabata yomweyo, ndipo wayendapo maulendo ambiri. Nthawi ina ndinaboola paipi yatsopano ija ndi msomali n'kumangapo kachitini, koma inkangopuma ngati tayala lophulika, likhweru silinabwere. Ndikafika ndinkamupeza pakhomo, akusesa kapena akusewera ndi anzake, n'kubwera kudzandilandira thumba mwaulemu. Pambawa paja sanakandidikirenso.