Wopopa Mphepo Kuseri kwa Limba

A Amaziah Stull anapopa mvukuto wa limba la tchalitchi chathu kwa zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo ine amene ndinkaliza limbalo ndinkawakalipira pafupifupi Lamulungu lililonse. Ntchito yawo sinali yovuta. Kuseri kwa limba kunali kachipinda ka matabwa, momwe munali mtengo wopopera ndi kachitsulo kolendewera pa chingwe. Kachitsuloko kakakwera, ndiye kuti mphepo ikutha, popa. Basi. Koma a Amaziah anali munthu wolota ali maso. Mkati mwa sabata ankaolotsa anthu pa mtsinje wa Ohio, ndipo ankati akakhala m'kachipindamo, tchalitchi chonse chinkazuka n'kuyamba kuyandama pang'onopang'ono kulowera kumunsi kwa mtsinje, ndi akulu a mpingo omwe.

"A Amaziah, mphepo!" ndinkatero uku ndikumenya thabwa ndi chidendene.

"Ikubwera, mayi Dorcas. Ndinangotsikira pang'ono ku mzinda wa Cincinnati."

Munthu wotchuka wa tauni yathu anali a Asahel Wendover, phungu wathu ku Washington. Akabwera kumudzi sankajomba mapemphero, ndipo ankaimba mokweza ndi mawu oipa. Koma sanalowepo mpingo. Mwambo wathu unali wakuti pa tsiku la Mgonero wa Ambuye, asanavundukule mkate, amene si a mpingo ankatuluka. A Wendover ankatola chipewa chawo n'kutuluka anthu onse akuona. Anthu ankati chikhristu chawo n'chofunira mavoti. Inenso ndinkanena, sindingabise.

Chimene sitinkadziwa n'chakuti akatuluka ankazungulira kuseri, n'kulowa pa kachitseko ka m'mbali, n'kuvula jekete.

"Dzukani, a Stull, kadyeni," ankanong'ona.

"Nanga inuyo bwana?"

"Dzanja ili linavomereza lamulo lobweza akapolo othawa kwa eni ake. Chikho cha Ambuye silingagwire. Koma kupopa lingathe. Ndipo mukadzauza munthu, ndidzakumizirani bwato lanu."

A Amaziah analonjeza kuti sadzanena. Choncho phungu akakhala ali kumudzi a Amaziah ankabwera kutsogolo kudzalandira mkate, akakhala ali ku Washington ankadutsidwa Mgonero, chifukwa limba silingadzipope lokha. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi zinatha chomwecho. Ine wopusa ine, ndinkawaona a Amaziah atagwada kutsogolo, limba likundilirira m'manja, osadzifunsa ngakhale kamodzi kuti mphepoyo ikuchokera kuti. Ndani amaganizira za wopopa?

A Wendover anamwalira ku Washington Lachinayi lina la nyengo yokolola maapozi. Maliro ankabwera pa sitima ya pamtunda, kudzafika Lolemba. A Haskell, mkulu wa mpingo wouma mtima kuposa onse, anagamula kuti bokosilo silidzalowa m'tchalitchi. Munthu amene anafulatira gome la Ambuye moyo wake wonse angopita naye kumanda, m'busa akanene mawu awiri kumeneko.

Loweruka a Amaziah anandipeza ndikuyeseza nyimbo. Anaima nthawi yaitali akupotokola chipewa.

"Mayi Dorcas, lonjezo limatha munthu akafa?"

"Lonjezo lanji?"

"Ayi, ndimangofunsa."

Anapita maso ali ofiira. Akanena, aphwanya lonjezo kwa munthu amene sangathenso kuwamasula. Akakhala chete, mnzawoyo aikidwa ngati wakunja.

Lamulungu limenelo linali la Mgonero. Dzuwa linkalowa pa mazenera aatali aja, fumbi likusambira m'kuwalako, ndipo kunali kotentha mogonetsa tulo. Osalowa mpingo anatuluka. Ndinayamba nyimbo yapansipansi ija imene timaliza anthu akamabwera ku gome. Ndime yoyamba inatha bwino. Pakati pa yachiwiri limba linayamba kulira ngati ng'ombe yotopa, mawu akutsikatsika, kenako zii.

Ndinamenya thabwa. Ndinamenyanso. Nditatembenuka ndinaona a Amaziah akuyenda pang'onopang'ono pakati pa mipando, nkhope ili mbee, ngati munthu woyenda ali m'tulo. Anagwada kutsogolo n'kutambasula manja. Atatero m'pamene anamva kuti tchalitchi chili chete.

"A Stull," anatero a Haskell atanyamula mbale ya mkate, "mwasiya ndani kumvukuto?"

A Amaziah anayang'ana uku ndi uku ngati akudzuka.

"Ndinamva ngati kachitseko kalira. Ndimayesa abwera."

"Abwera ndani?"

"Amene amabwera aja."

"Ndani, bambo inu? Nenani!"

"Sindinganene. Ndinalonjeza."

Misozi inkagwera m'manja mwawo otambasulawo. Ndinaona mitu ikutembenuka umodziumodzi kuloza ku mpando wachitatu wa kumanja, wa a Wendover, pamene panali nsalu yakuda. Aliyense ankawerengera mumtima miyezi imene a Amaziah ankadya Mgonero ndi imene sankadya. Ine manyazi anandigwira moti ndinalephera kuchotsa zala pa limba.

Kenako a Haskell ananyema mkate n'kuika m'dzanja la a Amaziah, anapatsira mbale mkulu mnzawo, n'kuyenda mpaka kuseri kwa limba. Tinamva akuvula jekete. Tinamva akupunthwa pa mtengo wopopera, poti sanalowemo chibadwire.

Mphepo inabwera modukaduka, yambiri kenako yochepa, koma inakwana kumaliza nyimbo. Titaweruka a Haskell anatuluka m'kachipindamo thukuta lili kamukamu, n'kundiitana.

"Mayi Dorcas, mawa bokosi likalowa muno, mudzaimba nyimbo iti?"