Mipando ya Ana Anga mu Ndege ya Agogo Mbewe

Ndikakumbukira agogo Mbewe, ndimamva fungo la fumbi la malasha likuwauka mkati mwa kompyuta yawo, ndipo ndimaona tsiku lija ndinawapeza atakweza mwana wanga Thoko pa sikelo yoyezera chimanga, mlongo wake Dalitso akudikira pambali, iwo akulemba kulemera kwa anawo pachikhatho.

Tinali oyandikana nyumba ku Ingagula, komboni ya kuno ku Hwange, kuyambira ndili kamwana. Ankakonza magetsi pamgodi wa malasha mpaka anapuma, ndipo ndi iwo anathamangira nane kuchipatala nditapsa ndi phala. Kompyutayo anawatumizira mwana wawo wa ku Joni, ili ndi sewero loyendetsa ndege. Koma agogo mtima wawo sunali pa kuulukako ayi, unali pa mafayilo a kuseri kwake. Magetsi akangobwera ankandiitana pampanda, ine matewera ali m'manja.

"Taona, Naphiri, ndegetu si chithunzichi. Ndege ndi mizere iyi. Uwu ukunena kutalika kwa phiko, uwu mphamvu ya injini, uwu mafuta. Fayilo inayi ndi ya malamulo: liwiro likatsika belu lilire, ikanyamuka matayala apindike. Chimene sichinalembedwe, ndege siichidziwa."

Ankawonjezera nambala ya mafuta kuti ndegeyo ikafike ku Malawi, kumene anachoka ali mnyamata osabwererako. Ikalemera n'kugwa ankaseka, n'kukulitsa mapiko. Koma akazi awo atamwalira kuseka kunatha, anayamba kuiwala ketulo pamoto, kundiitana dzina la mlongo wawo.

Tsiku la sikelo lija ndinawafunsa: "Agogo, bwanji mukuwayeza ngati mbuzi zogulitsa?"

"Mpando uliwonse uli ndi mzere wake, dzina ndi kulemera. Ukanama ndege imapendekeka." Anandionetsa mizere itatu: iwo, Thoko, Dalitso. Kenako anatembenukira kwa ana. "Mupita nane kumudzi?"

"Yebo, khulu," anatero Thoko m'Chindebele chake, kutanthauza kuti eya, agogo.

Masana ena ndikuchapa, pabwalo panangoti zii. Mayi wogulitsa tomato anati wawaona agogo ndi ana anga awiri akulowera kutchire, njira yachidule yopita kubwalo la ndege, kuja nthaka imayaka pansi, moto wa malasha wosaoneka, pamwamba phulusa ngati dothi wamba, mwana akapondapo mwendo umangotitimira. Ndinathamanga wopanda nsapato, thovu lili m'mikono. Ndinawapeza agogo atavala jekete ya kutchalitchi, sutikesi pamutu, mwana uku mwana uku, ndipo patsogolo pawo pomwepo utsi ukutuluka m'ming'alu.

"Tachedwa, Naphiri. Ikutidikira."

Titabwerera kunyumba ndinawapempha nditagwada kuti awasiye anawo, abusa analankhula nawo, anavomera zonse, koma m'mawa mwake anali pampanda akuitana ana. Ife anthu sankatimvanso. Ankamva fayilo yokha.

Choncho atagona tulo tamasana ndinalowa m'nyumba mwawo, ine wa sukulu yothera giredi seveni. Chingerezi chonsecho sindinkachidziwa, koma mayina a ana anga ndimawadziwa. Ndinafufuta mizere iwiriyo ndi chala chimodzi, n'kusunga fayiloyo monga anandiphunzitsira eni ake.

Atadzuka anawerenga nthawi yaitali, chala chikutsika pagalasi, ine nditaima pakhomo.

"Ana sanalembedwe."

"Eya, agogo."

"Ndiye kuti ndege siikuwadziwa." Anayang'ananso mzere wotsalawo. "Yapepuka. Ndipita ndekha."

Sanawaitanenso. Thoko ankaima pampanda kulira kuti khulu, khulu, iwo n'kumamuyang'ana ngati mwana wa alendo. Anamwalira mvula itangoyamba, ndipo tinawaika konkuno ku Hwange.

Mapazi a ana anga alibe chipsera. Mpaka lero akagona ndimawagwira kuphazi kuti nditsimikize, ndipo pamenepo ndimauonanso mzere uja ndinausiya wokha, dzina la agogo ndi kulemera kwawo.