Tsiku Limene Kondwani Anaiwala Kusagwada

Lachiwiri, 14 Meyi 1996

Ndinadzuka mtima uli m'mwamba. Dzulo atate ananena kuti adokotala a ku Lusaka akapanda kunena chomveka, Kondwani asiya sukulu. Iwo atopa kumupalasa pa njinga m'mawa uliwonse pamene aphunzitsi akuti m'mutu mwake simulowa kanthu. Kondwani ndi mlongo wanga wa zaka zisanu ndi zinayi. Miyendo yake ikufooka chaka ndi chaka, ndipo kuwerenga kumamuvuta.

Tinanyamuka ku Kanakantapa dzuwa likutuluka, iye pa kaliyala, ife pansi. Njinga tinaisiya pa golosale ya kumsewu wa tala. Minibasi inali K500 munthu mmodzi. Amayi anamuika Kondwani pamiyendo kuti akwere ulele, koma kondakitala anayang'ana akatumba ake onenepawo.

"Bamayo, uyu ni wa mpira, osati khanda. Alipile!"

Anthu anaseka, nayenso Kondwani anaseka. Sanadziwe kuti akatumbawo ndi thumba lopanda chimanga.

Njira yonse amayi anali kumulangiza. Asalowetse chala m'mphuno, asayang'ane adokotala m'maso, ayankhe mokweza, ndipo chachikulu, asagwade popereka moni. Kwathu mwana amagwadira akulu, koma Kondwani akagwada amadzuka movutika, ndipo amayi safuna kuti alendo aone. Iye anangovomera, maso ali pa mbatata yootcha imene atate anagula pawindo titadutsa mphambano ya ku bwalo la ndege.

Tinafika kuchipatala cha m'ma teni, tinalowa dzuwa litapendeka. Adokotala anali mayi wamfupi wa magalasi. Kondwani atangowaona, malangizo onse anauluka: gwa! mawondo pansi, nkuwomba m'manja bwinobwino. Amayi anathamanga kuti amudzutse, koma adokotala anawaletsa.

"Mulekeni, amayi. Ichi ndiye nifuna kuona."

Kondwani anagwira pansi, kenako mawondo, kenako ntchafu, kudzikwera yekha ngati mtengo wa papaya. Amayi anayang'ana kukhoma.

Adokotala anafunsa ngati pakati pa abale aamuna a amayi panali wina wotere. Amayi anatchula motsitsa mawu mlongo wawo wa ku Katete, amene anasiya kuyenda ali mnyamata. Adokotala anati nthendayi imayenda m'magazi, palibe amene analakwa, ndipo anatumiza Kondwani kukapimitsa magazi. Sanabise kuti miyendoyo sidzachira.

Atate ndiwo anafunsa za sukulu, chipewa chili m'manja. Adokotala anafotokoza kuti chinthu chimene chikusowa m'minofu chimafunikanso mu ubongo, kotero mwa ana ena otere ubongo umakula mosiyana pang'ono. Mawu akachuluka nthawi imodzi, amatayika m'njira.

"Si ulesi, atate. Ndipo mutu siufota monga miyendo. Muzimuuza chinthu chimodzi, achite, ndiye chinzake. Amayi munamuuza zingati lero?"

Amayi anawerenga zala, anafika pa zinayi, nkubisa dzanja m'chitenje. Ngakhale atate, amene kuseka amakusungira Khirisimasi, anamwetulira.

Pobwerera ine ndinaopa kufunsa atate za sukulu. Titafika pa golosale paja atate anatenga njinga, anagwedeza kaliyala, nkunena kuti chitsulocho chikumupweteka mwana, pakufunika kathabwa ndi nsanza, chifukwa msewu wa kusukulu uli ndi mabampu. Atate akafuna kunena chinthu chachikulu amachiuza njinga.

Ndaphunzira kuti chimene tinabisa zaka zonsezi ndicho adokotala anali kufuna. Za miyendo sindingathe kulemba lero.

Mawa ndipita kwa aphunzitsi a Kondwani ndisanapite kusukulu kwanga. Ndikawauza zimene tamva, koma chinthu chimodzi, ndiye chinzake, pakuti nawonso sindikudziwa kuti amasunga zingati.