Pauda Kunsi kwa Phiko

Ganizo lopita ku Joni silinali langa. Linali la amayi, sabata yomwe anandiimitsa sukulu chifukwa choika chitedze pampando wa aphunzitsi a masamu. Ndinali Folomu 3. Anaimbira alongo awo, amalume a Lufeyo, kuti anditenge ndikaone mmene anthu amavutikira. Ine basi ndinakwera ndikumwetulira.

Amalume ankakhala m'kachipinda ka malata ku Diepsloot. Ntchito yawo inali yotsuka kandege ka mzungu wina pabwalo laling'ono kunja kwa tauni, ine n'kumawanyamulira ndowa. Malipiro anga anali data ndi magwinya, mandasi a kumeneko. Ndalama zawo zambiri zinkapita ku Balaka kwa akazi awo ndi ana, zotsala n'kuthera lendi ndi thiransipoti. Madzulo ndinkatumizira anzanga zithunzi nditatsamira ndege ngati yanga. Ena ankayankha mawa lake, ena osayankha n'komwe. Kusungulumwa kwa ku Joni n'kwakuti ulibe womuputa. Ukaseka munthu wosamudziwa, ukhoza kugona kuchipatala.

Kenaka mafuta anayamba kuchepa ndege ili chiimire. Mathanki ake amakhala m'mapiko. Mafuta a tindege totere amawathira mtundu wa buluu, ndiye akamadontha amauma msanga n'kusiya banga. Makaniko wa pabwalopo, bambo wa Chizulu wosalankhulalankhula, anaunika paliponse koma banga osalipeza. Bwana, mzungu uja, anangodula mlandu: ngati sakudontha, ndiye wina akupopa. Ndipo wofika m'mawa anthu onse asanafike anali amalume. Lachisanu anawauza kuti Lolemba adzabweze kiyi.

Amalume sanatsutse. Anangoti Lolemba adzalawira kudzatsuka ndegeyo komaliza, anthu asamati Mmalawi anasiya litsiro. Zimenezo zinandibowa. Tikuweruka ndinabisa ndowa ndi nsanza zonse padenga la chimbudzi. Ndinatenga pauda wa mwana wa aneba, amene ndinkasungira ntchito ina, n'kumupaka kunsi kwa phiko. Ndi chala ndinajambulapo nkhope ya bwana, masaya ndi zonse. Ndinati titsanzike mwaulemu.

Lolemba bwana ndi makaniko anatipeza amalume akadazungulirazungulira kufuna ndowa. Makaniko anayang'ana m'mwamba, kunsi kwa phiko lija. Nkhope ya bwana imene ndinajambula ija inali ikulira msozi wa buluu. Anaulondola ndi tochi pang'onopang'ono mpaka pakavavu kamene amatulutsira madzi m'thanki. Atakamasula, kalabala kake kanali kong'aluka. Anafunsa amalume ngati mtundu umenewu anauonapo.

"Tsiku lililonse, bambo," anatero amalume. "Ndimapukuta inu musanafike."

Aka kanali koyamba kumuona makaniko uja akuseka. Anati iwonso akasowa podontha amapaka pauda yemweyo, kungoti sajambulapo anthu.

Bwana sanapepese. Anati amalume apitirize ntchito, koma akaona buluu aziitana makaniko asanagwire nsanza. Kenaka anafunsa kuti wajambula ndani, ndiponso ngati ali ndi mapepala okhalira m'dzikomo. Masiku a pasipoti yanga anali atatha kalekale. Sabata yomweyo amalume anandikweza basi.

"Mphwanga, wandipulumutsa," anatero pa depoti. "Koma ukakhalitsa kuno undipha."

Pano ndili ku Balaka, ndikubwereza Folomu 3 pasukulu ina. Nditafika ndinapeza nkhani yanditsogolera. Amalume anali atatumiza mawu pa foni kuti iwo ndi amene anatulukira podontha ndege isanagwe ndi mzungu. Ana awo anali atauza sukulu yonse. Kutchalitchi anayamika Mulungu chifukwa cha nzeru za a Lufeyo. Dzina langa silinamveke paliponse.

Ndinadikira tsiku limene akazi a amalume anabwera kudzacheza, n'kuyamba kufotokoza zenizeni, kuyambira pandowa. Amayi anandiitanira kuseri kwa nyumba.

"Ukuyesa sitikudziwa? Wopaka pauda pandege ya mzungu m'banja muno alipo mmodzi yekha. Alamu angawa akudziwanso. Koma ana aja akufuna bambo wodziwa ndege. Iwe ukufuna chiyani, chikho?"

Apo m'pamene ndinazindikira kuti kwathu kuno anthu sapusitsika ndi nkhani za ku Joni. Amadziwa wotsuka, amadziwa wogona ndi njala, amangosankha zoti ana amve.

Ulemuwo ndinawasiyira amalume. Koma nkhope ija ndinajambula ndine, ndipo bwana anadzizindikira yekha.